Magalasi a Bambo ndi Tebulo Logwedezeka

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana onse. Mwendo wa amayi uli bwanji? Tsiku lija munati kutupa kwachepa, koma amayi ndimawadziwa, amati kwachepa pomwe nsapato ikukana kulowa. Muziuyang'ana nokha mwendowo, osangomva za pakamwa pawo. Nanga chifuwa cha kamtsikana kanu chinatha? Ine kuno thupi lili bwino. Mtima ndi umene ukukana kukhala pansi, ndipo chifukwa chake muchimva m'munsimu.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo m'manja. Pa foni pakamwa panga pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo, sipatha mphindi zitatu tayambana, inu n'kunena kuti netiweki yavuta. Netiweki yanu imavuta nthawi yomwe ine ndayamba kunena zoona basi. Papepala mulibe podulira. Ndiye pezani mpando, ana muwatume kunja, muwerenge mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi za kuno. Ntchito ikadali yomwe ija yochapa ndi kusita zovala za anthu. Andichotsa ku makina ochapira, tsopano ndili kutsogolo, kulandira zovala ndi kumata timapepala ta manambala. Abwana akuti andiika pamenepo chifukwa ndimalemba zooneka bwino, koma anawonjezera kuti ndizimwetulira kaye ndisanayankhe munthu. Ndikuyesetsa. Sabata yatha kunabwera bambo wina ndi jekete lothimbirira mafuta a galimoto, akuti tichotse banga lomwe tinaika ife mwezi watha. Ndinamwetulira monga anandiuzira abwana, kenako ndinawafunsa ngati makina athu ayamba kuyendera dizilo. Abwana anandiitanira kuseri. Akuti kumwetulirako kunali bwino.

Kunyumba ndikukhalabe ndi mnzanga uja wa kuchipatala, amene timamutcha Anamwino ngakhale ntchito yake ndi yokankha odwala pa njinga. Mpope wa m'bafa ukudontha mwezi wachiwiri uno. A landilodi akabwera amauyang'ana, n'kuugwedeza, n'kunena kuti aumva. Tatchera ndowa. Vuto lina ndi fumbi la kuntchito. Kuseri kwa shopu yathu akumanga nyumba yosanja, ndipo malaya oyera tikangowapachika pafupi ndi zenera amasanduka otuwa, n'kuyambiranso kuchapa. Nyumba imeneyi muikumbukire, ibweranso m'kalatamu.

Tsopano za bambo. Chithunzi cha kapepala ka dokotala wa maso chija ndinachilandira. Ndamva kuti opaleshoni ya ng'ala inayenda bwino maso onse awiri, kungoti dzuwa likuwalasa, akatuluka panja misozi ili chuchuchu, ndipo dokotala wati apeze magalasi akuda okhala ndi mphamvu ya maso awo. Ndamvanso kuti abwerera kale ku ntchito yawo yosalaza simenti, kapu atakokera kumaso, ngakhale inu ndi amayi mukufuna asiye. Munandiuza kuti ndigule ine chifukwa kuno n'kumene kuli abwino. Simunandifunse ngati ndikufuna. Zaka zitatu ine ndi bambo osalankhulana, inu n'kungotumiza chithunzi ngati mukundituma mchere. Koma ndinapita.

Ndinapita ku shopu ya magalasi yomwe ndinapangitsako anga aja. Kuli mayi wina wa zikhadabo zazitali zopenta, wolankhula ngati akukupaka mafuta. Felemu sindinavutike nayo. Ndinasankha yolimba, yakuda, yogwira bwino kuseri kwa makutu, poti munthu wogwira ntchito chowerama safuna magalasi ogwera m'matope. Kenako mayiyo anandifunsa kuti magalasiwo akhale a polarayizidi kapena akuda wamba. Apo ndinakumbuka kuti alamu anakuwa kumbuyo kwanu pa foni kuti ndisagule ena ayi koma a polarayizidi, ngati awo oyendetsera lole, ati madala akaone dziko mwatsopano.

Ndinati mayiyo andifotokozere ngati mwana. Akuti onse awiri amachepetsa dzuwa, ndipo onse amateteza maso mofanana ku cheza choipa. Kusiyana kwake n'kwakuti wamba amangodetsa chilichonse, ngati wakoka katani, pomwe a polarayizidi amapha kunyezimira kuja kochokera pamadzi, pamsewu wonyowa, pagalasi la galimoto. Ananditengera pakhomo, n'kundipatsa kagalasi kachitsanzo kopanira pamwamba pa anga. Achemwali, ndinatsala pang'ono kukuwa. Galimoto zonse zoimika pamsewupo, zimene zinkandithobwa m'maso, zinazima, mpaka ndinaona mayi wina m'kati mwa galimoto akutokosa m'mano. Wogulitsayo anandichenjeza chinthu chimodzi chokha, kuti foni ukaipendeketsa imada bii. Ndinayesa, inadadi. Ndinati bambo foni amaigwiritsa ntchito ngati tochi basi, zilibe kanthu. Ndinamuuza kuti alembe a polarayizidi.

Asanatumize kopangira, anaona kuti pakapepala ka dokotala pakusowa nambala imodzi, ya mtunda wa pakati pa maso awiri. Akuti popanda imeneyo mphamvu ya galasi imakhala pambali, munthu n'kumamva mutu ndi chizungulire. Ndiye oda yangoima kudikira nambalayo, felemu andisungira mpaka kutha kwa mwezi. Kagalasi kachitsanzo kaja anandibwereka kuti ndikayende nako masiku angapo, ati mwina nanenso ndikopeka. Wamalonda sagona.

Kukopeka ndinakopekadi. Pobwerera ndinayenda wapansi njira yonse, kuyang'ana chilichonse ngati mlendo. M'ngalande ya pamphambano, momwe madzi ake amangooneka ngati lata, ndinaona pansi pake, mabotolo, nsapato imodzi, supuni. Ndinadziuza kuti alamu kamodzi kokha pa moyo wawo anena zoona, nkhani yatha, ndachita mbali yanga, wina asadzanene kuti ndinakana kugulira bambo magalasi.

Tsiku lotsatira nthawi ya nkhomaliro ndinakhala pamasitepe a kuseri kwa shopu yathu. Omanga aja anali atathira konkire ya pansi m'mawa, chibwalo chachikulu, atachikoka kale ndi thabwa. Onse anali pamthunzi kupatula mdala mmodzi. Iyeyo ananjuta m'mphepete, mutu atapendeketsa, tsaya kutsala pang'ono kugunda pansi, kuyang'ana konkireyo chakudzuwa. Kapitawo ankamukuwira kuti ayambe, nthawi yapita. Mdalayo osatembenuka n'komwe, anangokweza dzanja ngati akuletsa galu.

Ndinasiya kudya. Kanjutidwe kameneko ndi ka bambo, ngakhale dzanjalo.

Mukukumbuka chaka chomwe ankathira pansi pa chipinda chathu chochezera? Inu munali kale ku sekondale, ine ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndikuzungulirazungulira pamenepo kufuna kudinda phazi. Anandigwira kolala, n'kundinjutitsa pambali pawo, n'kundiuza kuti ndiyang'ane. Ati konkire ukaithira imatuluka thukuta, ndipo thukutalo umaliona ndi kunyezimira kwake. Likadali kunyezimira suikhudza ndi mpeni wosalazira, ngakhale bwana akuwe bwanji. Ukafulumira watsekera madzi m'kati, pakatha miyezi pansi pamayamba kufundula ngati njoka, ukasesa kumangotola fumbi. Komanso pamene pakunyezimira kwambiri kuposa pena ndiye kuti palowa, pakufunika kukweza. Ati mmisiri wosadziwa kuwerenga kunyezimira ndi wokankha wilibala chabe. Pansi pamenepo mpaka lero palibe mng'alu, mukapita kwa amayi mukaone nokha.

Sindikudziwa chinandituma, koma ndinatulutsa kagalasi kaja m'thumba n'kukapana pa magalasi anga. Konkire yonse inauma pomwepo. Gwaa, yotuwa, yokonzeka. Ndinakachotsa, madzi ali waliwali. Ndinabwezeranso, youma. Ndinachita zimenezo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi ngati wamisala, mpaka mdalayo anandiona n'kufunsa ngati ndikumujambula, ati akadadziwa akanapesa ndevu.

Ndinatsika n'kumupatsa kuti ayese. Anakaika pamaso, n'kuyang'ana, n'kukachotsa msanga ngati kamuotcha. Ati mwana wanga, timagalasi takoti n'tabodza, tikuti pauma pomwe pali dziwe, tingandichotsetse ntchito tsiku limodzi. Ndiye anaitana kapitawo kuti abwere adzaone magalasi omuyenera, poti iyeyo amaona pouma nthawi zonse. Anzake onse pamthunzi paja anafa nacho chiseko. Mdalayo atandifunsa kuti ndadziwa bwanji poyang'ana, ndinati bambo anga ndi a ntchito yomweyi. Ati ndiye ndiwe mwana wa mmisiri, ukawapatse moni wanga. Ndinangoti zikomo.

Apa ndiye pali nkhani imene ndalembera kalatayi, ndipo musandiweruze musanamalize. Munthu wabwino akanathamangira ku shopu ya magalasi tsiku lomwelo kukasintha. Ine sindinapite. Ndinakhala masiku anayi.

Ndinkawaona bambo m'maganizo mwanga. Avala magalasi atsopano ochokera kwa mwana wawo wa kutauni, anjuta, ayang'ana, aona pouma. Atenga mpeni, asalaza bwinobwino monga achitira zaka makumi atatu. Pakutha miyezi iwiri mwini nyumba akuwaitana kudzaona pansi pakusupuka, akuwanena pamaso pa anthu kuti akalamba, asiyire ana. Iwo n'kumalumbira kuti anayang'ana, anayang'anadi, koma palibe wowakhulupirira. Ndipo palibe akanadziwa chifukwa chake, inu, alamu, amayi, ngakhale iwo eni. Ine ndekha. Inu mukanapeza zomwe mukufuna, bambo atakhala pakhonde. Ine ndikanapeza zanga. Achemwali, ndisakunamizeni, maganizo amenewo ankanditsekemera.

Mudzati zakale. Mumatero nthawi zonse, poti sizinali zanu. Ndili Fomu 1 aphunzitsi a masamu anaona kuti ndimakopera kwa mnzanga ngakhale deti. Anandiimika kumbuyo kwa kalasi kuti ndiwerenge pabolodi, ndinalephera. Analemba kalata yoti makolo anditengere kwa dokotala wa maso. Ndinabwera nayo kunyumba ndikuthamanga, ndikuganiza kuti mavuto anga atha. Bambo anaiwerenga ataimirira, n'kunena kuti maso a mwana sakalamba, umenewo ndi ulesi wofuna kuoneka ngati kalaliki. Ndiye anaipinda kanayi, anawerama, n'kuilowetsa pansi pa mwendo waufupi wa tebulo lodyera, lija ankati wolakwa ndi kalipentala poti pansi pawo sipangalakwe. Analigwedeza kuona ngati lakhazikika. Ati bola pepalali lapeza ntchito. Amayi anali pomwepo akupukuta mbale, sanatsegule pakamwa. Nawonso mlandu wawo ulipo, koma ndi wa tsiku lina.

Zaka zinayi ndinadyera patebulo limenelo kalata yanga ili kuphazi kwanga. Zaka zinayi ndikutsinzinira kubolodi, kukhala kutsogolo ngati mwana wa aphunzitsi, mutu ukuwawa pofika masana, malipoti akubwera olembedwa kuti ndi wanzeru koma sasamala. Zotsatira za Fomu 4 mukuzidziwa. Sindikunena kuti ndikanakhala dokotala. Koma mwina sindikanakhala ndikununkhiza makhwapa a majekete a anthu. Magalasi oyamba ndinadzipezera ndekha kuno ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo nditatuluka nawo panja ndinaima pamsewu ngati chitsiru, kuona kuti mtengo uli ndi masamba limodzilimodzi. Nditabwera nawo kunyumba pa tchuthi chija, bambo anandiyang'ana n'kuseka, ati taonani a Maso Anayi afika. Inu munati n'nthabwala. Ndinanyamula chikwama m'mawa mwake, ndipo kuyambira pamenepo simunandionenso pakhomopo.

Ndiye masiku anayi amenewo ndinali ngati nkhuku yosowa poikira. Katatu ndinanyamuka kupita ku shopu ya magalasi, katatu ndinadutsa pakhomo pake osalowa. Ulendo wina ndinakathera mu shopu ya mapoto, kuvundukula zivundikiro ngati ndataya chinthu m'menemo. Kuntchito ndinamata nambala ya diresi laukwati pa ovolosi. Pa nkhomaliro ndinasiya kukhala pamasitepe paja, chifukwa mdala uja anali atamaliza pansi pake, posalala ngati mbale, ndipo akandiona ankakweza mpeni wake m'mwamba n'kukuwa kuti mwana wa mmisiri, moni uja wafika? Kunyumba ndinakolopa kawiri tsiku limodzi, mpaka Anamwino anati ngati ndapha munthu ndinene, iye a kumochale amadziwana nawo. Nditamufotokozera sanandinyengerere. Ati iwe mkwiyo wako umauthirira ngati duwa la m'chitini, tsiku lina udzakula n'kukutulutsa m'chipinda muno, ine nditsale ndi bedi lako. Ndinamuuza kuti aziona za odwala ake. Sitinalankhulane mpaka m'mawa mwake, pomwe ankafuna kubwereka simbi.

Musaganize kuti chinandibweza ndi chisoni. Ndi mawu anu amodzi, amene mwina simukuwakumbukira n'komwe. Tsiku lomwe munaimba za kapepala ka dokotala munali kwa amayi. Muli pakati polankhula munakalipira mwana kuti asatsamire tebulo, tiyi atayika, n'kundiuza mongodutsa kuti tebuloli layamba kugwedezeka masiku ano, kaya lalowa chiyani. Ine ndinangoti eya. Koma mawuwo anandikhala ngati kaminga m'bulauzi. Tebulo limenelo silinagwedezekepo zaka khumi ndi ziwiri. Pepala lija linaphwatalala n'kuuma ngati chikopa, amayi amakolopa molizungulira, silichoka lokha. Ndiye wachotsa ndani? Ndipo bwanji lachoka mwezi womwewo umene munthu wina watsukidwa maso n'kuyambanso kuona za pansi?

Mwina ndi ana anu, analisolola posewera. Mwina ndi mbewa. Ndadziuza zimenezo kambirimbiri ndikumata manambala pa makolala. Koma mwina ayi. Ndipo ngati ndi ayi, ine n'kutumiza magalasi abodza, ndiye kuti ulendo uno wopinda pepala kanayi ndikhala ine. Komanso ndinaona kuti mlandu wanga ndi bambo sindikufuna kuuwina mwakuba. Ndikufuna tsiku lina ndidzawauze zonsezi pamaso, iwo akundiona bwinobwino, ine ndikuwaona bwinobwino, maso asanu ndi atatu onse pamodzi.

Lachisanu ndinalowa. Mayi wa zikhadabo atamva kuti ndikusintha anakwinya nkhope ngati ndamukana chibwenzi. Ati aliyense amafuna a polarayizidi, kodi bambo anuwo sayenda pamsewu, simukuwafunira zabwino? Ndinamufunsa ngati anasalazapo simenti ndi zikhadabo zimenezo. Ndinaiwala kumwetulira kaye. Kenako ndinamufotokozera bwinobwino, ndipo kunena zoona anamvetsera, mpaka anaitana dokotala wawo m'kachipinda kake kuti adzamve. Dokotalayo anati n'zomveka, alipo anthu amene ntchito yawo imafuna kuona kunyezimira, ndipo magalasi abwino ndi amene akuyenera ntchito ya mwini wake. Tinalemba akuda wamba, otuwira, osati akuda bii, kuti akalowa m'nyumba yosamalizidwa asapunthwe pa njerwa. Kagalasi kaja ndinakabweza. Anandifunsa ngati ine sindikufuna anga. Ndinati ndaona zokwanira.

Alamu muwauze asakhumudwe. Awo ndi abwinodi pa lole, sindikutsutsa. Ndikudziwanso kuti ndi wambawa, mvula ikagwa dzuwa n'kutuluka, msewu uziwathobwabe bambo pang'ono akamapalasa njinga. Azivala chipewa chachikulu, azipalasa pang'onopang'ono. Walira mvula walira matope. Kunyezimira kumene kukuwavutitsa pamsewu ndi komweko kumene kumawadyetsa pantchito, sitingaphe kumodzi n'kusiya kwina.

Za kusiya ntchito, ngati inu ndi amayi mukufuna asiye, muwakhazike pansi muwauze pakamwa. Koma ine ndikuona kuti munthu uja mukamulanda mpeni wosalazira mumuika m'manda chaka chisanathe, ndipo asanapite adzakhala atakutopetsani nonse ndi kuyeza mashelufu a amayi ndi levulo, kuona ngati apendekeka.

Pempho langa ndi limodzi. Muwatengere bambo kwa dokotala wa maso uja akawayeze mtunda wa pakati pa maso. Ndi kanthu ka mphindi imodzi, amangoika karula pamphuno. Musayeze nokha ndi tepi ya alamu, ndakuonani kale mukuganiza zimenezo. Mwezi usanathe, chonde, felemu angaipereke kwa wina. Koma nambalayo musanditumizire inu. Mukanditumizira pa meseji ndiifufuta osawerenga, ndipo mukundidziwa. Aimbe okha. Nambala ya foni yanga muwalembere zikuluzikulu, muwasonyeze podina, kenako mutuluke panja, inu, ana, ndi amayi omwe, amene adzanamizire kuti akufuna chinachake m'kabati.

Sindikuwapempha kuti apepese. Mawu amenewo m'kamwa mwawo mulibe, anabadwa opanda, monga mmene ine ndinabadwira opanda mabuleki. Angonena nambala, ine ndilemba, ndinena zikomo. Akafuna kudula pomwepo adule, magalasi abwerabe pa basi, okulungidwa bwino m'thaulo. Akafuna kuwonjezera mawu ena, nthawi ya nkhomaliro ndabwereranso pamasitepe paja, ndimakhalapo ola lathunthu, ndipo ndiyesetsa kumwetulira ndisanayankhe.

Za masiku anayi aja musawauze. Kalatayi si yowerengera anthu pakhonde. Amayi muwauze kuti ndili bwino, ndikudya, ndanenepa pang'ono, basi. Ndipo musathamange kukalengeza kuti ndakhululuka, poti sindinatero. Ndasankha magalasi onena zoona, pathera pamenepo. Zinazo tiona.

Za tebulo musafufuze. Musafunse ana, musasuzumire pansi, ndipo mukadziwa musandiuze. Ngati ndi mbewa sindikufuna kudziwa. Ngati si mbewa, ndikufuna ndimve kwa mwini wake.

Moni kwa amayi, mwendo aziukweza pampando, ntchito za pakhomo sizinathepo chiyambire. Moni kwa alamu, ayende bwino pamsewu ndi magalasi awo oona nsomba m'ngalande. Moni kwa ana onse, makamaka wamkulu uja. Ulendo womaliza ndinamuona akukhala pafupi kwambiri ndi kanema, ndiye mukamuona akutsinzinira musadikire kalata ya aphunzitsi, mungandione nditafika pakhomo panu osagogoda. Moni kwa achimwene ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati asiya kunena kuti kutauni kunandimeza.

Kwa bambo moni sinditumiza m'kalata muno. Ndili nawo awiri, wa mdala wa kuseri kwa shopu ndi wanga. Ndawasungira, adzatenge okha pa foni.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamutcha Kamlomo